Mwana akamadzidzimuka kutulo: mmene mungadziwire ngati ndi tulo chabe kapena akukomoka

Azimayi ambiri amene angobereka kumene, makamaka a mwana woyamba, amafunsa funso limodzimodzi, kuti mwana wanga akagona manja ndi miyendo zimangogwedezeka zokha, nthawi zina amachita kudzidzimuka thupi lonse, kodi si khunyu? Ndiye poti zimakonda kuchitika usiku, malaiti atapita, apongozi akunena zawo, anzanu a pa WhatsApp akunenanso zawo, mtima sukhala m'malo olo pang'ono. Pali kanthu kamene mungayese panyumba pompo musanathamange, ndipo palinso zizindikiro zina zimene mukaziona simuyenera kudikira kuti kuche. Ndifotokoza zonse ziwiri.

Tiyambe ndi mmene khanda limagonera, chifukwa mantha ambiri amachokera pamenepa. Khanda limagona maola 14 mpaka 17 pa tsiku koma siligona phee ayi, pafupifupi theka la tulo take ndi tulo topepuka timene ubongo umakhala ukugwira ntchito kwambiri. Mu tulo timeneti mwana amamwetulira, amakwinya nkhope, amayamwa milomo, maso amayendayenda pansi pa zikope, amabuula, kapumidwe kamathamanga kenako n'kuima kwa masekondi ochepa n'kuyambanso. Zonsezi ndi zabwinobwino. Kupuma kukaima masekondi 5 kapena 10 mwana osasintha mtundu palibe vuto, koma kukafika masekondi 20 kapena milomo ikayamba kuda, imeneyo ndi nkhani ina, tifikako.

Kugwedezeka kumene si matenda kulipo kwa mitundu itatu ndipo ndi bwino kukudziwa chifukwa mayesedwe ake amasiyana. Koyamba ndi kudzidzimuka kuja kwakuti chitseko chikamenyetseka, galu akauwa panja kapena mukamutsitsa pabedi mofulumira, mwana amatambasula manja onse awiri, zala n'kutseguka, kenako n'kubweza manja pachifuwa, mwina n'kulira. Madokotala amati Moro reflex, mwana aliyense wathanzi amabadwa nako, ndipo kumatha kokha akamafika miyezi 4 mpaka 6. Kumachitika kamodzi, pali chimene chamudzidzimutsa, basi kwatha.

Kwachiwiri ndi kumene kumaopsa makolo kwambiri. Mwana ali mtulo, dzanja kapena mwendo kapena manja onse awiri n'kuyamba kudumpha mobwerezabwereza, kanayi kasanu motsatizana, kuleka pang'ono, kuyambanso, ndipo nthawi zina zimatenga mphindi zingapo ndithu moti munthu woona amalumbira kuti mwanayu akukomoka. Dzina lake ndi benign neonatal sleep myoclonus, kumayamba m'masiku kapena masabata oyambirira mwana atabadwa, ana ambiri amasiya akamakwana miyezi 3, ena amafika nako miyezi 6. Chachikulu n'chakuti kumachitika mwana ali mtulo pokhapokha, ndipo akangodzuka kumaleka nthawi yomweyo. Sikuwononga ubongo, sikusanduka khunyu akakula, sikufuna mankhwala. Ena kumawayamba mukamawagwedezagwedeza kuti agone kapena ali mu minibasi pamsewu wa mabampu.

Kwachitatu ndi kunjenjemera, kachibwano kapena timanja kumanthunthumira mofulumira mwana ali maso, makamaka akamalira, mukamamuvula kapena pomusambitsa. Uku mukagwira dzanjalo kapena kumupatsa bele kumasiya. Koma samalani pang'ono, khanda la masiku ochepa likamanjenjemera kwambiri pafupipafupi mwina shuga watsika m'magazi, makamaka ngati linabadwa masiku osakwana, linabadwa laling'ono kwambiri kapena lalikulu kwambiri, siliyamwa bwino, kapena amake ali ndi matenda a shuga. Muyamwitseni kenako pitani naye akamuyeze tsiku lomwelo, ndi kadontho kamodzi ka magazi a kuchidendene chabe.

Mayesedwe ake zikayamba

Yatsani getsi kapena tochi ya pafoni, chotsani bulangete kuti muone thupi lonse, ndipo musayambe ndi kuyang'ana manja amene akugwedezekawo, yambani ndi nkhope. Maso ali otseka ngati munthu amene wagona, kapena atseguka n'kutembenukira m'mwamba kapena kumbali imodzi osaphethira? Milomo ndi lilime zili ndi mtundu wake wa masiku onse, kapena zikuda, zikuchita mbuu? Chifuwa chikukwera ndi kutsika? Kwa ana athu a khungu lakuda kusintha mtundu sikuoneka msanga pamasaya, tsegulani kamlomo ka pansi muone nkhama ndi lilime.

Ngati maso ndi otseka, mtundu uli bwino, akupuma, gwirani dzanja kapena mwendo umene ukugwedezekawo mofatsa, osakanikiza. Kukaleka, kunali kunjenjemera chabe. Kukapanda kuleka musafulumire kulira chifukwa kudumpha kwa mtulo kuja sikuleka ndi kugwira, mwina kumachita kuwonjezeka, ndiye apa ndi pamene ambiri amasokonezekera. Chotsatira ndi kumudzutsa, ndipo mumudzutse zenizeni mpaka atsegule maso, munyamuleni, muitaneni, mutekenyeni kuphazi, mumasuleni thewera kuti amve kamphepo. Osamugwedeza mwamphamvu olo mutachita mantha bwanji, khosi la khanda ndi lofewa ndipo kugwedeza kumatha kudula timitsempha ta mu ubongo. Akadzuka kudumpha n'kulekeratu, iye n'kumakuyang'anani, kulira kapena kufuna bele, ndiye kuti kunali kwa tulo. Mwana amene akukomoka simungamudzutse pakati, kugwedezekako kumapitirira mumugwire musamugwire, mukagwira dzanja mumamva likukokabe m'manja mwanu, ndipo zikatha amakhala wolefuka, wosokonezeka kapena amagona tulo tolemera kwambiri.

Pamene mukuchita zimenezi wina agwire foni ajambule vidiyo. Ichi ndikuchinena mobwereza kwa aliyense chifukwa mukafika kuchipatala mwana amakhala akuseka bwinobwino, inu n'kumavutika kufotokoza ndi manja, a dokotala osadziwa kuti agwire pati. Vidiyo ionetse thupi lonse pamodzi ndi nkhope, mwana asafunde, kuwale, ndipo musasiye kujambula pamene mukumudzutsa chifukwa mbali imeneyo ndi imene a dokotala akufuna kuona kwambiri. Lankhulani mu vidiyo momwemo kuti ndi nthawi yanji, anali mtulo kapena maso, wayamwa liti, thupi latentha kapena ayi. Itumizeni kwa atate ake kapena mng'ono wanu kuti isasowe foni ikadzaza. Koma ngati mwana wada milomo kapena sakupuma, foniyo ikhale yoitanira galimoto osati yojambulira.

Zimene simuyenera kudikira nazo

Kukomoka kwa khanda sikuoneka ngati kwa munthu wamkulu amene amagwa n'kumaphiriphitha thovu kukamwa. Kawirikawiri kumakhala kobisika, maso kuyang'ana malo amodzi kapena kukokekera kumbali, kuphethira mofulumira mobwerezabwereza, kutafuna kapena kuyamwa milomo pomwe palibe bele, miyendo kupalasa ngati ali panjinga, dzanja limodzi kapena mbali imodzi ya nkhope kukoka mwa kamvekedwe kamodzimodzi, thupi kuuma gwa, kapena kupuma kuima. Chimodzi mwa izi chikachitika mwana ali maso, kapena chikapitirira mutamudzutsa, nyamukani. Kwa khanda kukomoka nthawi zambiri si khunyu monga timadziwira, ndi chizindikiro chakuti pali china chikuvuta m'thupi, shuga kutsika, tizilombo m'magazi, matenda oumitsa khosi, chikasu chokwera kwambiri, kapena ubongo unasowa mpweya pobadwa (ana aja amene anachedwa kulira atabadwa), ndipo zambiri mwa izi zimachizika mukafika msanga.

Olo kugwedezekako kukuoneka ngati kwa tulo, musakhale panyumba ngati mwana wakana bele, wafooka moti sakudzuka kuti ayamwe, liwombo latupa n'kumaoneka lolimba, akupuma mothamanga kapena chifuwa chikulowa m'kati, chikasu chafika m'zikhato ndi kumapazi, mchombo ukutuluka mafinya kapena wafiira, kapena nsagwada zauma sakutha kutsegula kukamwa. Ndipo mwana wosakwana miyezi 3 thupi likatentha kufika 38 ndi nkhani ya kuchipatala usiku womwewo, osati ya Panado ndi kuona mmene kuchere. Thupi kuzizira kwambiri kwa khanda n'koopsa chimodzimodzi. Kathemomita n'kotchipa ku famasi iliyonse, gulani kamodzi kazikhala m'chikwama cha mwana, dzanja la pachipumi limanama makamaka mu Okutobala pamene Lusaka yense akuotcha.

Manje pali mtundu umodzi wa kukomoka umene ndikufuna muumvetse bwino chifukwa umadutsa anthu ambiri, olo azimayi a ana asanu. Umayamba kawirikawiri mwana ali pakati pa miyezi 3 ndi chaka chimodzi, makamaka miyezi 4 mpaka 8, ndipo dzina lake ndi infantile spasms kapena West syndrome, potengera dokotala wa ku England William West amene anaulemba mu 1841 ataona mwana wake yemwe akudwala. Mwana amagwetsa mutu mwadzidzidzi, manja n'kuponyeka kutsogolo kapena kumbali, mawondo n'kukokekera pamimba, sekondi imodzi kapena awiri basi, n'kumasuka. Pakapita masekondi ochepa chimodzimodzi, kenako chimodzimodzinso, mwina ka 10 kapena kupitirira motsatizana, ndipo zimakonda kubwera akangodzuka kumene kapena tulo tikamamugwira, osati ali mtulo tofa nato. Mwana amatha kulira pakatipakati, ndiye kunyumba amati ndi m'mimba mukumupota, mpatseni gripe water, kapena amati akungodzidzimuka. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe phokoso limene lamudzidzimutsa, zikubwera m'gulu, zikufanana nthawi zonse, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza kuti mwana amene ankamwetulira wasiya, sakutsatiranso nkhope yanu ndi maso, mwina wasiya kugubuduka kapena kukhala pomwe anali atayamba. Apa sabata iliyonse imene mwachedwa imawerengedwa chifukwa matendawa amabweza mwana m'mbuyo pa kakulidwe ka ubongo, pomwe mankhwala alipo, monga prednisolone ndi vigabatrin, ndipo amagwira bwino akayamba msanga. Jambulani vidiyo, pitani tsiku lomwelo, ndipo ngati amene mwamupeza wanena kuti ndi mphepo ya m'mimba koma inu mukuona zikubwerezabe, pemphani mwaulemu kalata yoti mukaonane ndi dokotala wa ana. Palibe chamwano pamenepo.

Kwa ana okulirapo, kuyambira miyezi 6 mpaka zaka 5, kukomoka kofala ndi kwa kutentha thupi. Thupi likakwera mwana amauma, maso n'kutembenuka, manja ndi miyendo n'kumakoka, kawirikawiri kwa mphindi zosakwana 5. Kumaopsa kuona koma ana ambiri sikuwasiyira vuto ndipo amasiya akamakula. Komabe akayezedwe ndithu kuti adziwe chatenthetsa thupi n'chiyani, chifukwa malungo ndi matenda oumitsa khosi amayambanso choncho. Ngati munapita naye kumudzi ku Chipata, Katete, Petauke kapena kwina kulikonse masabata apitawa, auzeni a nesi msanga, kumeneko malungo ndi ochuluka kuposa m'tauni muno.

Akakomoka pamaso panu

Mugonekeni chammbali pamalo afulati, pabedi pakati kapena pamphasa pansi, kutali ndi mbaula, madzi otentha ndi m'mphepete mwa bedi. Masulani zovala za pakhosi, chotsani chipewa ndi mabulangete. Yang'anani nthawi pafoni chifukwa mukachita mantha mphindi imodzi imaoneka yaitali kwambiri. Osaika kanthu kalikonse m'kamwa, supuni ayi, chala ayi, nsalu ayi, lilime silimezeka, zimenezo zimangovulaza nkhama ndi kutseka njira ya mpweya. Osamumwetsa madzi, mkaka, Panado kapena mankhwala azitsamba pamene akukoka kapena asanatsitsimuke bwino, zimapita kumapapo. Osamukanikiza kuti aleke, osamuthira madzi ozizira, osamufukiza utsi kapena kuyandikiza mapazi ake kumoto, ana ena amafika kuchipatala ndi mabala a moto amene ndi aakulu kuposa vuto limene anali nalo.

Ndikudziwa kuti pamenepa m'nyumba mumakhala mawu ambiri, ambuya akuti ndi zakumtundu, aneba akuti wina wamuponyera, ena akuti tiyambe taitana abusa. Simufunika kukangana ndi akuluakulu pakati pa usiku, ingonenani kuti amama tiyeni tikwere limodzi, pemphero lichitike m'galimoto. Ndipo malovu a munthu amene wakomoka sapatsirana matenda, mugwireni mwana wanu, mupukuteni kukamwa.

Kukomoka kukapitirira mphindi 5, kukabwereranso asanatsitsimuke, kapena kupuma kukavuta, musadikire kuti kuthe, nyamukani naye ali chogona chammbali pamiyendo panu, osamubereka kumbuyo ndi chitenje pomwe simukuona nkhope yake. Kwa khanda ndi kwa mwana amene ndi koyamba, olo kutenge theka la mphindi, pitani ndithu. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi nambala ya munthu wa galimoto wa pafupi amene amayankha foni usiku, kapena Yango (app yoitanira taxi) pafoni ndi ka ndalama kapadera, chifukwa m'komboni 2 koloko usiku minibasi kulibe.

Kopita ndi zimene akachite

Pitani pamene pali pafupi. Muno mu Lusaka zipatala za Matero, Chipata Compound, Kanyama, Chawama ndi Chilenje zimalandira odwala usiku, ndipo zikafunika amakutumizani ku UTH (University Teaching Hospital) kumene kuli chipatala cha ana, kapena ku Levy Mwanawasa pa Great East Road. Mukafika ndi mwana amene akukomoka kapena wangokomoka kumene musaime pamzere, uzani a nesi pakhomo pomwe. Tengani khadi la kusikelo, vidiyo ija, ndi mankhwala onse amene mwana wamwa, olo azitsamba, nenani zoona, sakukuimbani mlandu koma akufuna adziwe chimene chili m'thupi. Nenaninso mankhwala amene inu mumamwa muli ndi pakati kapena pano mukuyamwitsa, mmene kubereka kunayendera, ngati mwana anagwa kapena kugunda mutu, ngati wabayidwa katemera masiku apitawa, ndi ngati kumtundu kwanu kapena kwa atate ake alipo amene amagwa khunyu.

Amayamba ndi kuyeza shuga, kutentha kwa thupi, mpweya ndi malungo. Akakayikira matenda oumitsa khosi amapempha kutenga madzi a kumsana, ndipo apa ndi pamene mabanja ambiri amakana chifukwa cha nkhani zimene timamva kuti wakutiwakuti anamwalira atangomubaya kumsana. Zoona zake n'zakuti anthu amene amafunika kuyezedwa choncho amakhala kuti adwala kale kwambiri, chimawapha ndi matendawo, makamaka akafika mochedwa. Madziwo ndi amene amaonetsa ngati muli tizilombo ndi mankhwala oyenera. Funsani mafunso onse amene muli nawo, koma osathawa naye mwana. Kuyeza kwina ndi EEG, amamata timawaya pamutu kuti aone mmene ubongo ukugwirira ntchito, sikupweteka, sikulowetsa magetsi m'mutu, mwana amatha kugona kapena kuyamwa uku akumuyeza. Mwana wa kudumpha kwa mtulo chabe EEG yake imatuluka yabwinobwino.

Akakupatsani mankhwala oletsa kukomoka monga phenobarbitone, mupatseni muyeso umene alemba pa nthawi yake, osalumpha, osasiya nokha chifukwa mwaona wachira, kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa kukomoka koopsa. Muyeso umayendera kulemera kwa mwana ndiye mukamapita kusikelo ziwakumbutsani kuti ali pa mankhwala. Ndipo mankhwala a mwana wa aneba si a mwana wanu olo zizindikiro zifanane bwanji.

Zikapezeka kuti ndi tulo chabe

Palibe mankhwala ofunika, ndipo chonde musamupatse Piriton kapena mankhwala a chifuwa kuti agone phee. Ngati kudzidzimuka kukumudzutsa pafupipafupi mungamukulunge ndi chitenje chopepuka, manja m'kati koma miyendo ikhale yomasuka kuti chiuno chiziyenda, nsalu isafike kumaso, ndipo musiye kumukulunga akangoyamba kuyesa kugubuduka. Pomutsitsa pabedi yambani ndi matako kenako mutu, dzanja lanu likhale pachifuwa pake kanthawi musanachoke. Azigona chagada nthawi zonse, pamalo olimba opanda pilo, osati chafufumimba olo anthu anene kuti akagona choncho sadzidzimuka, kugona chafufumimba kumawonjezera ngozi yoti khanda lifere kutulo. Mu Juni ndi Julayi timakonda kuwaunjikira mabulangete atatu, chipewa ndi masokosi, mwana n'kumatuluka thukuta, gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi kuti mumve ngati watenthedwa, manja ndi mapazi a khanda amazizira kale. Mbaula isagone m'chipinda chotseka, utsi wa makala umene suoneka umakomola ndi kupha, ndipo khanda ndi limene limayamba kugwidwa.

Mukapita kusikelo mwezi umenewo aonetseni a nesi vidiyo ija olo mwatsimikiza kuti kunali kwa tulo, ailembe pakhadi. Bwererani msanga ngati kudumphako kwayamba kuchitika ali maso, kwasintha maonekedwe, kwakhala kwa mbali imodzi yokhayokha, kukupitirira atadutsa miyezi 6, kapena mwana wasiya chinthu chimene anali atayamba kale kuchita monga kumwetulira, kulimba khosi kapena kugwira zinthu.